Masiku Awiri Opanda Jekeseni

"Ndati chitini chimenecho chichoke mumtsuko mlendo asanafike," anatero Hosea, akumenya chipewa cha yunifolomu pabondo. "Kodi ndalankhula Chizungu?"

"Chichoke chipite kuti, atate ake Delia?" Esnati, mkazi wake, sanatukule n'komwe mutu palichero la mtedza umene ankaswa. "Uno ndi Okutobala. Ngakhale abuluzi akuthawa dzuwa. Anesi anati mankhwala aja akatenthedwa amasanduka madzi chabe. Mukufuna ndikaike padenga?"

"Kaike kulikonse kumene mlendo sangaone."

"Mlendoyo azigona chipinda chimodzi ndi mwanayo. Azimuona akudzuka, azimuona akuvala. Chitini mubisa, nanga timabala ta m'ntchafu mubisa bwanji?"

Hosea anatsonya. Iye anali sikauti wa nyama zakutchire pakampu ina ya ku Lupande, munthu woyenda ndi mfuti pakati pa njovu popanda kugwedezeka mtima. Koma kachitini ka mabisiketi kamene kankakhala mumtsuko wa mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko kankamusowetsa mtendere. Munali timabotolo ta insulini ndi majekeseni. Mwana wawo woyamba, Delia, anali ndi matenda a shuga, ndipo ankadzibaya yekha kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo asanadye. Tsopano mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, wochokera ku Mbala, dzina lake Lukundo, anali atamufunsira ukwati, ndipo azakhali a mnyamatayo anali kubwera pakatha masabata atatu kudzaona banja.

"Mwaiwala msanga inu," anatero Hosea. "Mwaiwala chaka chija mwanayu anaonda n'kutsala mafupa? Anthu a pakampu pano ankati chiyani? Sankati ndi Edzi? Akazi anzanu omwewa sankatsuka kapu ndi phulusa iye akamwera? Ine ndinkadutsa pachigayo anthu n'kusiya kulankhula."

"Sindinaiwale. Amene ndinkatsuka zofunda zake ndine. Koma anthu aja anaona okha kuti mwana wanenepanso."

"Anaona, koma mpaka lero amanong'ona kuti mkazi wa shuga sabereka. Azakhali a mnyamatayo akangoona singano, mawa lake akwera basi. Ndiye mwana wanu akalambire pakhomo pano chifukwa cha masiku atatu okha?"

"Ndiye mukufuna tim'kwatitse ndi bodza? Akakalowa m'nyumba azikabayira kuti, kuchimbudzi moyo wake wonse?"

"Akakalowa ndiye kuti walowa. Za m'tsogolo zidzaoneka m'tsogolo."

Pamenepo Delia anafika ndi ndowa pamutu. Anatula, n'kugwada pafupi ndi khomo. Nkhope yake inkaonetsa kuti wamva zonse.

"Atate, ndingalankhuleko?"

"Ino ndi nkhani ya akuluakulu."

"N'zochepa chabe, atate. A Lukundo..."

"Iwe! Ukunditchulira dzina la mwamuna pamaso panga? Manyazi ulibe? Pita ukaone mbuzi."

Delia anayang'ana amayi ake, kenako anadzuka n'kupita. Esnati anapitiriza kuswa mtedza, koma tsopano ankauswa mwamphamvu moti wina unkathawira pansi.

Sabata yotsatira Hosea anatumidwa kukaperekeza alendo oyenda pansi m'paki. Iye ankatsogola ndi mfuti, pambuyo pake Mathew, wolondolera alendo amene anakulira naye mudzi umodzi, kenako azungu anayi. Dzuwa litakwera anakhala pansi pa mtengo wa msikizi kuti amwe tiyi. Mayi wina wa m'gululo, wa imvi zapatalipatali, anatulutsa palamba kabokosi kofanana ndi paketi ya fodya. Kuchokera m'kabokosimo munatuluka kachingwe kopyapyala kolowa pansi pa malaya. Anadina timabatani, kenako anatenga bisiketi n'kuyamba kudya.

Mathew anafunsa ngati inali wailesi. Mayiyo anaseka, n'kukweza malaya pang'ono kuonetsa pamene kachingweko kanamatidwa pamimba. Anati ndi kapampu ka insulini. Kamalowetsa mankhwala m'thupi pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo akafuna kudya amangokauza kuti kaonjezere. Anati shuga anam'peza ali mtsikana wa kusukulu, ndipo anadzibaya majekeseni zaka zambirimbiri asanapeze kapampuko. Mwamuna wake anawonjezera kuti ana awo aamuna awiri anakula akuona amayi awo akudzibaya patebulo, ngati mmene ena amathirira mchere.

Hosea anaima chapatali, maso ali kutchire monga mwa ntchito yake, koma makutu onse anali pamenepo. Ana awiri. Mayi wa shuga, wayenda maola atatu padzuwa la m'chigwa, akuonetsa mimba yake kwa anthu osawadziwa, ndipo palibe amene wasuntha kapu yake.

"Hosea," anaitana Mathew m'Chizungu kuti onse amve, "mwana wako uja si matenda omwewa?"

Mayiyo anatembenuka, nkhope ili ngwee, ngati wapeza m'bale kudziko lachilendo.

"Ayi," anatero Hosea. "Wanga anachira kalekale."

Mathew anawerama n'kuyamba kutolera makapu. Mayiyo anamuyang'ana Hosea kanthawi, ndipo Hosea anadziwa kuti mayiyo akudziwa kuti matenda amenewa sachira. Anangoti, "Ali ndi mwayi," n'kubweza malaya ake. Ulendo wonse wobwerera mfuti inkam'lemera paphewa ngati mtanda wa denga.

Madzulo ake anamuuza Esnati za kapampu kaja, ndi za ana awiri aja.

"Ndiye munawauza za wanu?" anafunsa Esnati.

"Sinali nthawi yake."

"Kwa inu nthawi yake siifika."

Azakhali a Lukundo, a Christine, anatsika minibasi pa Jumbe Lachinayi masana. Lukundo anawaperekeza mpaka pakhomo, anapereka ulemu, n'kubwerera kusukulu chifukwa ana anali pafupi kulemba mayeso. Anati abweranso Loweruka madzulo. A Christine anali mayi wamfupi, wa Chinyanja chopindikapindika, wosadziwa kukhala pansi. Asanapume n'komwe anali atagwira kale tsache. Ankalowa paliponse, ankafunsa chilichonse. Madzulo amenewo Delia anakabayira kubafa, chitini atachikulunga m'chitenje.

Lachisanu m'mawa, Hosea akumanga nsapato, anaona a Christine akuvundukula mitsuko ya m'nyumba umodziumodzi.

"Umu ndi mwa madzi akumwa, asewere? Nanga uwu wa kuseri kwa chitseko?"

"Umenewo ndi wosweka," anayankha msanga Hosea. "Tiyeni panja, tiyi wapsa."

Mlendo atangotuluka, Hosea anapisa dzanja mumchenga wozizira uja, anatenga chitini n'kuchiponya m'chikwama chake cha kuntchito. Esnati anam'tsatira mpaka panjira.

"Bwezani," ananong'ona. "Atate ake Delia, ndakugwirani mwendo, bwezani."

"Wabaya kale wa m'mawa, si choncho? Ine sikisitini awazi, dzuwa lisanalowe, ndikhala ndafika. Ndidzam'patsira kuseri kwa khola. Mayi uja akufufuza dala, simukuona?"

"Nanga dzuwali?"

"Chikwama chikhala mu ofesi, pamthunzi. Bwererani, akutiyang'ana."

Atafika ku ofesi anapeza galimoto ikulira kale. Bwana Miyanda, mkulu wa kampu, anati mfuti zamveka chakumtsinje ndipo anthu anayi anyamuke nthawi yomweyo. Mwina agona kumeneko masiku awiri. Dzina la Hosea linali loyamba.

Hosea anaima ndi chikwama m'manja. Harris, amene ankatsala pawailesi ya mauthenga, anali pomwepo, ndipo nyumba yake inali yoyandikana ndi ya Hosea. Kunali kungotulutsa chitini n'kunena kuti, kapatse mwana wanga, ndi mankhwala ake. Mawu asanu ndi limodzi okha. Koma pakhonde panali amuna asanu ndi awiri, ena akuseka, ena akupukuta mfuti. Akanafunsa kuti mankhwala a mwana akutani m'chikwama cha bambo. Nkhani ikanafika kwa akazi awo dzuwa lisanapendeke, ndipo kuchokera kwa akaziwo ikanafika kwa mlendo.

"Hosea, pali kanthu?" anafunsa bwana Miyanda.

"Palibe, bwana."

Anakwera. Mumtima anadziuza kuti kuphonya jekeseni mmodzi si imfa, mwanayo ndi wamphamvu, ndiponso mwina abwerako mawa m'mawa.

Sanabwereko m'mawa. Mapazi a opha nyama anawatsogolera kutali, m'nkhalango ya mitsanya yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, kumene mphepo yake imawotcha ngati yochokera m'ng'anjo. Chitini chinkachita phokoso m'chikwama pamene onse ankayenda mwakachetechete, mpaka mnzake wina anatembenuka n'kufunsa kuti wanyamula chiyani. Hosea anati ndi zipolopolo. Popuma anachikulunga m'masokosi. Pochigwira chinali chotentha ngati chachoka pamoto. Sanadye tsiku limenelo. Anzake anaganiza kuti ndi malungo.

Anabwerako Lamulungu dzuwa lili pamutu, osagwira munthu aliyense. Hosea sanadikire n'komwe kulemba lipoti. Anathamanga mpaka kunyumba, n'kupeza chitseko chotseka, mbuzi zikulira m'khola. Jessy, mkazi wa Harris, anali pakhonde pake akusankha mpunga.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Jessy sanayankhe moni. "Ali kuchipatala cha mishoni. Mwana anayamba kusanza dzulo m'mawa. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, koma milomo ili gwa. Pofika masana ankapuma ngati wathamangitsidwa, osazindikiranso amayi ake. Amuna anga anayesa kukuitanani pawailesi, osakupezani. Ndiye anapalasa njinga kukatenga aphunzitsi. Aphunzitsiwo ndi amene anaima pakati pa msewu n'kuimitsa lole ya kuloji ya alendo odzaona nyama." Anatola kamwala mumpunga n'kukataya. "Amuna anga akuti munaima pafupi nawo Lachisanu, chikwama chili m'manja."

Hosea anatenga njinga. Msewu wonse sanaone munthu, ngakhale ambiri anam'patsa moni.

Anawapeza pakhonde la wodi ya amayi. Esnati anakhala pansi atatambasula miyendo, maso otupa. A Christine anali pabenchi, Lukundo ataima chotsamira chipilala. Palibe amene anadzuka.

"Ali moyo," anatero Esnati, osamuyang'ana. "Watsegula maso m'mawa uno. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono tikanabwera kudzatenga mtembo."

Hosea anatula chikwama. Anakhala pansi pasimenti, yunifolomu ili fumbi lokhalokha, n'kuvula chipewa. Anatembenukira kwa mlendo.

"Asewere, mwaona nokha. Mwana wathu ali ndi shuga. Tinalakwa kukubisirani. Ngati mwaganiza zobwerera, ife sitinga..."

"Kundibisira ine?" anadula a Christine. "Asewere, ine ndinadziwa ndisanakwere basi ku Mbala. Mwana wangayu analemba zonse m'kalata. Analemba kuti mtsikanayo amadzibaya kawiri pa tsiku, kuti mankhwala ake amakhala mumtsuko, kuti sadya zotsekemera. Ndinabwera ndi shuga wa tiyi m'chikwama, ndinam'bweza pansi nditakumbukira."

Hosea anayang'ana Lukundo.

"Anandiuza chaka chatha, atate," anatero mnyamatayo, mawu ali pansi koma olimba. "Tsiku lomwe ndinamufunsira. Anati ndiyambe ndamva zimenezi, kenako ndifunsenso. Ndinapita kwa anesi kukafunsa zonse, za ana zomwe. Ndinabwerera n'kukafunsanso."

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndinkaganiza kuti m'nyumba mwanu si nkhani yobisa. Mkamwini angayambe bwanji kuuza apongozi matenda a mwana wawo?"

"Ine mitsuko ija ndinkavundukula dala, ndi zoona," anapitiriza a Christine. "Ndinkafuna ndione kasungidwe kake, mchenga wake ndi wotani, madzi amathira angati, kuti akabwera kwathu patchuthi ndidzakhale nditakonza. Ndinkadikira kuti mundiuze nokha monga eni nyumba. Inu mukuti mtsuko ndi wosweka. Ndinati kapena ndi mwambo wa kuno, ndisafulumire. Lachisanu madzulo mtsikana sanadye, ine ndinkati wabaya mobisa ngati dzulo lake. Dzulo m'mawa nditaona akusanza ndinafunsa amayi akewa kuti kodi wabaya? Ndi pamene amayiwo anagwa pansi n'kuyamba kulira." Anapukusa mutu. "Matenda sitiwaopa, asewere. Kwathunso aliko, a mitundumitundu. Chimene chandiopsa ine n'chakuti bambo anganyamule moyo wa mwana wake m'chikwama n'kupita nawo kutchire, kuti mlendo wa masiku atatu asaone."

Hosea anafuna kunena kuti sanadziwe za ulendo wa kutchire, kuti ankati abwerako madzulo. Koma anakumbukira Harris ataima pambali pake Lachisanu lija.

"Ukwati ulipo," anatero a Christine. "Mtsikanayu ndam'konda. Wakhala akusanza, koma pakamwa pake sipanatuluke mawu oipa onena atate ake. Koma zotsala tikambirana ndi amalume ake. Ndi amene ndikufuna kuonana nawo ndisanapite."

Esnati sanatsutse. Hosea anangoyang'ana nsapato zake.

Namwino wina wamtali, a Monde, anatuluka m'wodi ndi kabuku m'manja. Anali amene ankam'patsa Delia mankhwala mwezi ndi mwezi.

"Bambo ake afika? Chitini chili kuti?"

Hosea anatsegula chikwama, anavundukula masokosi aja pamaso pa onse, n'kupereka. A Monde anatulutsa kabotolo kamodzi, anakapendeketsa padzuwa, n'kukagwedeza pang'ono. Mkati munali timibulu tomatirira kugalasi. Anayang'ana kachiwiri, chimodzimodzi.

"Onse awiri afa," anatero. Sanakweze mawu, koma odikirira odwala amene anali pakhondepo anasiya zokamba zawo. "Bambo, mankhwala awa amachokera kutali, ndipo amabwera owerengeka. Pali anthu ena asanu m'chigwa muno amene amadalira bokosi lomweli. Amene nditam'patse mwana wanu tsopano ndichotsa pa gawo la wina. Anachotsa mumtsuko ndani?"

A Monde ankadziwa kale. Hosea anaona kuti akudziwa.

"Ndine, asisita."

"Chifukwa?"

"Kunali mlendo."

A Monde anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, yunifolomu, lamba, nsapato zaboma. Anangoloza chitseko. "Bedi lachinayi. Musam'topetse."

Delia anagona chagada, botolo la madzi likulendewera pamwamba pake, chingwe chitalowa pamkono. Masiku awiri okha anali atam'bweza kumene anachoka zaka zisanu zapitazo: masaya olowa, milomo yong'ambika. Atamuona anayesa kudzuka kuti apereke ulemu.

"Gona, gona, mwana wanga."

"Mwabwerako bwino, atate?"

Funso limenelo linamulasa kuposa mawu onse a panja. Anakhala pakampando, chipewa akuchipotokola m'manja.

"Ndakulakwira, Delia."

Mtsikanayo anayang'ana madontho akugwa m'botolo.

"Lachisanu madzulo ndinakaima kuseri kwa khola mpaka ng'ombe za a Harris zitalowa," anatero pang'onopang'ono. "Ndinkati mukubwera. Loweruka m'mawa ndinakaimanso. Amayi anati tiwauze azakhali, ine ndinakana. Ndinati atate achita manyazi." Anatembenukira kwa atate ake. "Ndikatuluka muno sindibwerera kukampu, atate. Ndikakhala kwa amayi aang'ono, pafupi ndi chipatala pano, mpaka tsiku la ukwati. Si mkwiyo ayi. Ndikungofuna kugona pamalo pamene ndikudziwa kuti ndikadzuka ndipeza mankhwala anga pamene ndinawasiya."

Hosea anagwedeza mutu. Analibe mphamvu yokana, ndipo anadziwa kuti alibenso ufulu wake.

"Ndifunseko chinthu chimodzi, atate?"

"Funsa."

"Amayi akuti a Harris anali pomwepo pamene munkakwera galimoto. Bwanji simunawapatse?"

"Ndinaopa," anatero Hosea, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Ndinaopa kuti andiseka."

"Ndani?"

Hosea anatsegula pakamwa kuti atchule. Anaganiza za Harris, amene anapalasa njinga padzuwa kukaitana mphunzitsi. Anaganiza za bwana Miyanda, za Mathew, za amuna aja anali pakhonde akupukuta mfuti, mmodzimmodzi, nkhope ndi nkhope. Anafufuza kampu yonse, nyumba ndi nyumba, mpaka kuchigayo.

Delia ankadikirabe, maso ali pa iye. Dzina silinapezeke.